Atsibweni Anga a ku Mochale

Lolemba, 8 Julayi 2024. Kasakula.

Maimelo anayi, yankho palibe. Fomu ya ku koleji yosankhira kokaphunzirira ntchito ikadali m'chikwama, pa mzere wa siginecha ya dokotala wondiyang'anira pali mbee. Tsiku lomaliza kupereka ndi 26 Julayi. Ndikalephera, andiponya kulikonse kumene kwatsala malo.

Anzanga a chaka chachinayi onse apeza kopita. Ena ku opaleshoni, ena kwa ana, ena kwa amayi oyembekezera. Ndatsala ine ndi patholoje yangayi. Masabata anayi okha ndi amene ndikupempha. Kuima kumbuyo kwa dokotala wofufuza matenda m'minofu ya anthu, kuona mmene amadulira, mmene amawerengera pa mayikulosikopu. Madokotala otere m'dziko muno ndi owerengeka. Amene ndikuwafuna ine ndi Dokotala Eveline Kamphinda a ku Lilongwe. Anatiphunzitsa kawiri chaka chatha. Anaonetsa pakhoma kachidutswa ka mnofu, kofiirira, madontho okhaokha, nati: "Mwini wake wa kachidutswa aka ali kumudzi, akudikira kuti inu mumuuze ngati ndi khansa." Kuchokera tsiku limenelo mtima sunachokenso pamenepo.

Amayi m'mawa uno pa mjigo, kuuza anzawo a Chigwirizano: "Tiyamike wanga adzakhala dokotala wa ana." Sindinawatsutse. Atandifunsa dzana kuti patholoje n'chiyani ndinati ndi za mu labu. Zoti muli ndi kupima mitembo momwemo sindinatchule.

Kuzizira. Tsiku lonse kuswa mtedza pakhonde. Zala zatupa.

Lachitatu, 10 Julayi.

Netiweki imagwira pa chulu cha kuseri kwa sukulu ya pulayimale basi. Ndaimapo theka la ola ngati mbuzi. Yankho lafika, koma la mlembi wawo. Malo a ophunzira ku Lilongwe adzaza mpaka Novembala. Pansi pake mzere umodzi: adokotala amapita Lachinayi ndi Lachisanu lililonse ku chipatala china cha mishoni cha kumapiri a Dowa, mbali ya ku Mvera. Kumeneko alibe wophunzira. Ndiyese kumeneko.

Ndawerenga katatu. Zipatala zonse zili m'dziko munozi, n'kukhala chimenecho.

Ndilembe lero, popeza sindinalembepo n'kale lonse.

Atsibweni a Abrahamu, alongo awo a amayi, amagwira ntchito pa chipatala chimenecho. Ku mochale. Zaka makumi awiri ndi ziwiri. Bambo atamwalira, ndi iwo ankabwera kudzafolera nyumba. Ndi iwo anasenza bokosi langa pamutu kuchokera pa siteji mpaka ku hositelo tsiku langa loyamba ku sekondale, thukuta kamukamu, akuimba nyimbo ya m'tchalitchi.

Ndili chaka chachiwiri ku koleji, kalasi yathu inakayendera chipatalacho. Tinalipo khumi ndi asanu, majasi oyera atsopano. Tikudutsa kuseri, munthu anatulukira pa chitseko cha mochale. Jombo, epuloni yapulasitiki yonyowa, manja m'mwamba. "Tiya! Tiya wanga!" Anyamata anaseka. Wina anafunsa ngati ndimadziwana ndi odula mitembo. Ine: "Ndi munthu wa kumudzi kwathu chabe." Kenako kwa iwo, nditaima patali: "Muli bwanji, bambo?"

Manja aja anatsika pang'onopang'ono. "Tili bwino, mayi." Anabwerera mkati.

Zaka ziwiri tsopano. Sindinawaimbirepo. Pa ukwati wa m'bale wathu ku Mponela ndinakhala kophika tsiku lonse kuti tisakumane. Ndimadziuza kuti mwina mawu oyamba aja sanawamve. Jenereta inkalira pafupi.

Lachisanu, 12 Julayi.

Ndaimbira ku ofesi ya chipatalacho. Maganizo anali oti ndilowere kutsogolo, kuseri ndisafikeko. Mayi wa pa foni waulemu wake. Kalata ndilembere mkulu wa chipatala, koma yankho limatenga masabata atatu. Masabata atatu ndilibe. Kenako anati: "Ngati mukufuna zachangu, onanani ndi a Abrahamu a ku mochale. Adokotala aja akafika kuno amayambira kwa iwowo, ndipo zimene a Abrahamu anena, amamva."

Ndathokoza. Ndakhala pansi pa chulu pomwepo mpaka ana a sukulu aweruka.

Amayi aona nkhope ndikungolowa. Ndawauza theka la nkhani. "Si kuli atsibweni ako kumeneko? Nanga chovuta n'chiyani?" Funso latha, maso akadali pa ine. Ndati nambala yawo ndilibe. Bodza. Andilembera pa pepala lokutira sopo, aliika pa tebulo, atuluka.

Uthenga ndalemba kasanu, ndafufuta kasanu. "Atsibweni, ndine Tiya." Ngati kuti andiiwala. "Pepani papita nthawi." Ngati kuti yolakwa ndi nthawi.

Chimene chikundinyansa n'chakuti sindikuwafuna chifukwa chisoni chandigwira. Ndikuwafuna chifukwa cha siginecha. Imelo ija ikanati bwera ku Lilongwe, bwenzi ndili chete chaka chachitatu.

Lamulungu, 14 Julayi.

Ku tchalitchi, nthawi yolengeza alendo. Mkulu wa mpingo: "Dokotala wathu ali pakati pathu, aimirire timuone." Ndaimirira. Nthungululu. Amayi akumwetulira chozolika. Nkhope yanga yonse kutentha.

Titadya ndakwera pa chulu, ndaimba. Ayankha ndi azakhali a Faines, akazi awo a atsibweni. Ndadzitchula dzina. Kenako: "Tiyamike uti? Wa kumudzi kwathu uja?"

Ndiye kuti anamva. Anamva, anawanyamula mawuwo mpaka kunyumba, anawatula kwa akazi awo. Jenereta sinabise kanthu.

Ndamva chapatali mawu a atsibweni akuti, patseni kuno. Ndafotokoza za fomu, za adokotala, za tsiku lomaliza, ndikuchita chibwibwi ngati wa Sitandade 1. Sanafunse kalikonse. Sanati wasowa. "Bwerani Lachitatu, mudzagona kuno. Adokotala afika Lachinayi m'mawa. Mubwere ndi fomuyo."

Bwerani. Mubwere. Chibadwire changa ananditchulapo inu liti?

Lachitatu, 17 Julayi. Kwa atsibweni.

Njinga yamoto mpaka pa boma la Ntchisi, fumbi mpaka m'mano. Minibasi ya ku Mponela, ina, inanso. Pa Mponela ndagula shuga ndi buledi. Njira yonse jumbo ili pamiyendo, ndikuiona ngati chiphuphu.

Nyumba ndi yomwe ija, zipinda ziwiri, mapapaya kuseri. Atsibweni imvi zachuluka. Andilandira chikwama ndi manja awiri. "Adokotala, mwayenda bwanji?" Mulibe chipongwe m'mawu awo. Bola chikanakhalamo.

Azakhali alandira jumbo osasuzumiramo. Pa chakudya andithirira madzi osamba m'manja atagwada. Azakhali omwe aja ankandikalipira ndikasiya mbale zosatsuka pa holide. "Alendo aulemu awa," atero, akuyang'ana beseni.

Pakhoma pabalaza kalendala, chithunzi cha ukwati wawo, ndi msomali wopanda kanthu. Pamenepo panali chithunzi changa cha Fomu 4. Malo ake akuonekabe, utoto wake sunasuluke ngati kwina konseku.

Ndinakonzeka kupepesa tikatha kudya. Ndinafika poti, "Atsibweni." Foni yawo inalira, kwafika maliro ku chipatala. Anavala jombo, anapita. Ndipo ine mtima unakhala pansi. Ndilembe zoona. Ndinasangalala kuti apita.

Lachinayi, 18 Julayi.

Adokotala afika eyiti koloko, galimoto ili fumbi lokhalokha. Ku ofesi sanapite. Molunjika kuseri. "A Abrahamu, tili ndi zotani sabata ino?" Atsibweni atulutsa kope lachikuto cholimba. Mabotolo khumi ndi anayi a minofu yochokera ku opaleshoni, onse ali pamzere, mayina olembedwa bwino. Limodzi linabwera ndi mankhwala osungira ochepa, anawonjezera okha Lolemba kuti mnofu usawole. Adokotala angogwedeza mutu, ngati zimenezo n'zachizolowezi.

Kenako atsibweni atembenukira kwa ine. "Adokotala, wophunzira uja ndi uyu. Ndi wa kumudzi kwathu."

Mawu anga omwe. Sanawanene mondibaya. Anawanena mondichingira, kuti ndisavutike.

Panali kamphindi. Adokotala anandiyang'ana ngati akudikira china. Ndikanangoti, ndi atsibweni anga. Mawu atatu basi. Pakhomo panaima anamwino awiri ophunzira, a msinkhu wanga, ndi mkulu wa labu. Ndinamwetulira. Ndinapereka moni ndi manja awiri. Kamphindi kaja kanadutsa.

Kachiwiri. Ndachitanso kachiwiri, nditabwera kudzapepesa za koyamba.

Ntchito yokha ndaikonda, ndipo n'zimene zikundiwonjezera manyazi. Chotupa cha m'bere, kukula ngati dzira la nkhuku. Kupima ndi lula, kudula mapisi opyapyala, kulemba mtundu, kulimba, pamene chathera. Mankhwala osungira aja amalasa m'maso. Adokotala andifunsa mafunso atatu, awiri ndakhoza. Funso lachitatu ndayankha mwachangu kuti ndioneke wanzeru, ndaphonya. "Ukapanda kudziwa uziti sindikudziwa. Kuno bodza limadulitsa munthu bere."

Za fomu: "Ndione kaye mawa. Mawa tikupima mtembo. Ambiri amakonda mayikulosikopu, koma chipinda chinacho ayi."

Madzulo atsibweni andifunsa ngati tsiku layenda bwino. Ndati eya. Ati, zikomo kwambiri.

Lachisanu, 19 Julayi.

Maliro aja anawaitanira Lachitatu. Mayi wa zaka makumi awiri ndi zinayi. Anagwa ku dimba atagwira m'mimba, anatsirizikira pa njira yobwera kuno. Abale ake akuti mwamuna wake anamumenya. Mwamunayo wakhala yekha pansi pa mtengo wa mango masiku awiri, wapolisi pambali. Mabanja awiri, lina uku, lina uko, osayang'anana.

Ku koleji mitembo inali yakale, youma, yopanda mayina. Uyu tsitsi anali atalukitsa kumene. M'zikhadabo dothi la ku dimba.

Otsegula ndi atsibweni. Manja osafulumira, osachedwa. M'mimba monse magazi. Makutu anga anayamba kulira, m'maso mdima m'mbalimu. Ndinangomva mpando ukundigunda kuseri kwa mawondo. Anaukankha ndi phazi, osacheuka, mpeni ukadali m'manja. Palibe wina anaona. Ndinakhala pang'ono, ndinaimiriranso.

Adokotala anandiitana kuti ndiyandikire. Njira ya dzira ya kumanja yaphulika. Mimba ya miyezi iwiri mwina, inakhala kunja kwa chiberekero. Thupi lonse tinaliona, bala la kumenyedwa palibe.

Osoka ndi atsibweninso. Sindinaonepo munthu akusoka choncho, ngakhale ku opaleshoni. Timisoko ting'onoting'ono, tofanana, pa munthu amene sadzadziona. Anamusambitsa, anakonza tsitsi lija, anamufunditsa nsalu yake.

Panja adokotala anafotokoza zimene tapeza. Anthu anangoti kakasi. Atsibweni ananjuta pakati pa mabanja awiriwo, nabwereza zomwezo pang'onopang'ono, m'mawu a kumudzi, akujambula pa dothi ndi kamtengo. Mwamuna uja sankadziwa n'komwe kuti mkazi wake anali woyembekezera. Anagwira mutu, analira mokuwa. Woyamba kudzuka anali mayi wa malemu. Anadutsa bwalo lonse, anakakhala pansi pafupi ndi mpongozi wake. Wapolisi anapinda pepala lake.

Posamba m'manja tinatsala awiri ndi adokotala. Ndinanena ndikuyang'ana mpopi. A Abrahamu ndi atsibweni anga enieni, alongo awo a mayi anga. Ndinawakana pamaso pa anzanga, ndipo dzulo ndawakananso.

"Ndikudziwa," anatero, akupukuta manja.

Anati tsiku limene dzina langa linatuluka kuti ndasankhidwa ku koleji, atsibweni anawaimbira foni mpaka ku Lilongwe. Chaka chonse nkhani inali Tiya, Tiya. Kenako anangosiya kunditchula, adokotala sanafunse. Lolemba lapitali anawaimbiranso. "Zaka khumi ndi chimodzi ndagwira nawo ntchito, sanandipemphepo kanthu. Ili ndi pempho loyamba." Ndipo atsibweni anawonjezera kuti za ubale zisatchulidwe, mwanayo angachite manyazi pamaso pa anthu.

Madzi ankangotayika. Anatseka mpopi ndi adokotala.

Fomu asayina atatsamira pa galimoto. Koma iwo amakhala kuno masiku awiri okha pa sabata. Masiku atatu enawo ndidzakhala pansi pa a Abrahamu, ngati avomera. "Ine sindikakufunsira. Ukawafunse wekha."

Siginecha ija ndaipeza. Sindikufuna n'kuiyang'ana komwe.

Loweruka, 20 Julayi.

Atsibweni ndawapeza ku dimba kwawo m'mawa, akuthirira mpiru. Ndinatenga kheni ina. Tinathirira mizere iwiri. Kenako ndinagwada m'matope momwemo, ndinanena zonse. Za tsiku lija. Za ku Mponela. Za Lachinayi. Zoti ndinaimba foni chifukwa cha fomu.

Anapitiriza kuthirira mpaka madzi atatha. Anaika kheni pansi.

Anati tsiku lija anadziwiratu kuti kalasi yathu ikubwera. Azakhali anawasitira malaya oyera. Anauza anamwino onse, alonda, ngakhale ophika, kuti lero muona mwana wa mlongo wanga. Kenako kunafika maliro a ngozi ya pamsewu, atatu nthawi imodzi. Ali mkati anamva phokoso lathu tikudutsa. Nthawi yovula epuloni panalibe. "Ndinathamanga kuti ndingakuphonye."

Malaya oyera anali mkati mwa epuloni muja. Ine sindinawaone.

"Ntchito yangayi anthu amaiseka, ndinazolowera. Pa maliro ena amandipatsa mbale yandekha. Sindidandaula. Koma iwe."

Iwe. Ndinalira pamenepo, mosadzigwira, mamina ndi misozi, anthu a madimba oyandikana akuona.

Anauza amayi sabata yomweyo. Ndiye kuti amayi akhala akudziwa zaka ziwiri zonsezi, akundiphikira, akundichapira, osanena kanthu. Anawauzanso kuti tsiku lodzalandira digiri yanga iwo sadzabwera. Ndinafunsa kuti nanga pano. "Chaka chikadalipo. Ndiona."

Sananene kuti andikhululukira. Ndinadikira, sananene.

Ndinafunsa za masiku atatu aja. Anayang'ana mapazi anga, masilipasi odzaza matope. "Lolemba sikisi koloko. Nsapato zotseka."

Kunyumba azakhali aona mawondo a siketi yanga. Sanafunse. Andiponyera mpeni ndi lichero la masamba, ati ndifulumire.

Lamulungu, 21 Julayi.

Ndaimbira amayi titaweruka ku tchalitchi. Ndawauza kuti patholoje si labu yokha, muli mitembo, ndipo ndi imene ndikufuna moyo wanga wonse. Dokotala wa ana sindidzakhala.

Ndinayesa netiweki yathawa. Kenako: "Nanga a Chigwirizano ndikawauza chiyani?" Ndati sindikudziwa. Ati aganiza. Afunsa ngati ndili ndi juzi, kumapiri kuno kumazizira kuposa kwathu.

Za atsibweni sanafunse. Inenso sindinayambitse. Nkhani imeneyo si ya pa foni.

Lolemba, 22 Julayi.

Fomu ndaijambula, yapita ku koleji. Ndikulemba nthawi yopuma, pa benchi ya kuseri, manja akununkhabe magolovesi.

Ndinafika isanakwane sikisi. Nkhungu m'mapiri monse. Nsapato ndabwereka za azakhali, zikundithina. Atsibweni anali kale pakhomo la chipinda chozizira, kiyi m'manja. Mkatimo muli anthu atatu, onse omwalira.

Anagogoda katatu. "Odi."

Ndinayesa akuseka. Sanatsegule. Anasendera pambali, akundiyang'ana, kudikira.

Ndinacheuka kuona ngati pali amene akutiona. Ndinadzipeza ndikuchita zimenezo, khosi litatembenuka kale. Anamwino awiri ophunzira aja anali pa khonde la wodi, mabulangete m'manja, maso kuno. Atsibweni anaona kuti ndacheuka. Kiyi akadali m'manja.

Ndinagogoda. Mawu anatuluka aang'ono, ngati a mwana. Ndinagogodanso, ndinati odi mokweza mpaka khonde lonse linamva.

Anatsegula.

"Usanagwire aliyense, udziwe kaye dzina lake. Tiyambe ndi agogo awa."